Za Wilo pa Benchi ya ku Cropping

Makampu a m'tchire akatsekedwa chakumapeto kwa Okutobala, pa Cropping, ku Mfuwe, pamadzaza amuna amene atha miyezi osagona kwawo. Ndalama zili m'thumba, mvula ili pafupi, aliyense akufunsa mtengo wa malata ndi feteleza. Ndinali pa benchi ya wokonza njinga kudikira kuti minibasi ya ku Chipata idzaze, pamene bambo wina wophikira alendo mu South Luangwa anakhala pambali panga ndi mlamu wake, mphunzitsi wopuma ntchito.

"Alamu, zimene ndinaona kumaliro kuja sindinagone nazo," anatero wophika uja. "Tangochoka kumanda, abale a mwamuna ayamba kale kuwerenga katundu. Njinga yamoto atenga, batire la sola achotsa, ngakhale foni. Mayi uja watsala ndi mphasa ndi ana anayi."

"Woyang'anira chuma asankha ndani?"

"Mng'ono wa malemu."

"Ameneyo akalandira kalata ku Local Court aziyesa kuti apatsidwa katundu. Ntchito yake n'kusonkhanitsa chuma, kubweza ngongole, kugawa, basi. Akadya, ndi mlandu. Mayiyo apite kupolisi, akafunse a Victim Support Unit."

Aphunzitsi anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pa dothi. Anati lamulo la mu 1989, la Intestate Succession Act, ndilo limagawa chuma cha munthu amene wafa osalemba wilo. Pa K100 iliyonse, K50 ndi ya ana, K20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 ya makolo a malemu, K10 ya ena amene ankadalira malemuyo. Analemba manambala anayiwo motsatizana, wokonza njinga n'kusiya chubu m'beseni kuti aone.

Mayi wogulitsa tomato pafupi nafe analowerera. "Aphunzitsi, nanga pa mitala?"

"K20 yomweyo agawane, mayi, potengera zaka zimene aliyense wakhala pabanja. Ndipo mwana ndi mwana, kaya wa m'nyumba kaya wa kunjira. Lamulo silisankha."

"Ndiye pali ntchito kuno ku Mfuwe," anatero mayiyo, osaseka.

Akunda, mtundu wa anthu a kuno, monga Achewa, mbumba amaiwerengera kuchikazi. Kale chuma cha mwamuna chinkatsata ana a mlongo wake, ndipo sizinali zankhanza: malume ndiye ankalera, ndiye ankaweruza milandu ya ana a mlongo wake, ndiye ankathamanga mwana akadwala. Ine sindikhulupirira kuti aliyense wofika pamaliro ndi mawu akuti "ndi za amalume" ndi wakuba. Ena anakuliradi pakhomo pomwepo. Koma mwambo unamangidwa pa nthawi ya khasu, nkhwangwa ndi nkhokwe. Lero pali njinga yamoto, penshoni ya NAPSA, ndalama za pa Airtel Money, ndi nyumba imene mkazi anaumbira njerwa ndi manja ake. Wotenga zimenezi m'dzina la mwambo nthawi zambiri satenga ana kuti akawalipirire sukulu.

"Ndiye inu lembani wilo," anatero aphunzitsi.

Wophika anapukusa mutu. "Kumeneko n'kuitana imfa, alamu. Munthu ndili bwinobwino."

"Njovu ikafika usiku kudzadya mango kuseri kwa nyumba yanu, imayamba yafunsa zaka zanu? Amene amapita kukawedza ku Luangwa osabwerako, onse amakhala okalamba?"

Panalibe woyankha. Kuno kwa mfumu Kakumbi aliyense ali ndi dzina limene amakumbukira akamva funso lotero.

Aphunzitsi anati nkhani yake si yovuta monga anthu amaopera. Lamulo lina la chaka chomwecho cha 1989, la Wills and Administration of Testate Estates Act, limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, mwini wake akhale wa nzeru zake, asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mboni zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu. Mutchule amene adzagawe, mutchule ana onse ndi mayina awo, pepalalo mulisungitse kwa munthu wodalirika monga abusa, wina pakhomo adziwe kumene lili. Anawonjeza kuti ku NAPSA mayina a mkazi ndi ana akhale olembedwa molondola, chifukwa ambiri analembetsa ali mbeta, mpaka lero sanapiteko kukasintha.

"Ndiye munda wanga wa kudimba ndilembe kuti ndi wa mwana wanga woyamba?"

Apa aphunzitsi anaponya kamtengo kaja pansi. "Pamenepo ndi pamene pepala limathera mphamvu. Malamulo awiri onsewo sakhudza malo a mwambo. Munda wanu ulibe taitolo. Uli m'manja mwa mfumu Kakumbi, kudzera kwa anyakwawa amene anakulozerani malire. Mukhoza kulemba, koma tsiku la mkangano adzafunsa anyakwawa ndi akuluakulu a banja kuti malemu ananena zotani."

Mawu amenewo ndiwo ndinawaona olemera kuposa manambala a pa dothi aja. Kwa anthu ambiri m'chigwa muno chuma chenicheni ndi munda ndi malo a nyumba, ndipo zimenezo zimatetezedwa ndi zimene munthu ananena ali moyo, pamaso pa anthu oyenera. Kunong'oneza mkazi usiku sikuthandiza, chifukwa mawa adzamunena kuti akupeka. Ziyenera kumveka kwa anyakwawa, kwa mlongo, kwa ana a mlongoyo, onse atakhala pa mkeka umodzi, kuti wofuna kutsutsa atsutse mwini wake akadali ndi pakamwa poyankhira.

Mayi wa tomato anati amayi ake anachita zomwezo. Atatopa ndi matenda anaitana ana onse tsiku limodzi, n'kunena kuti ku chipatala cha Kamoto apitako kokwanira, ku Chipata asawatengerenso, akufuna kukhala pakhomo pawo ndi kuikidwa pafupi ndi amayi awo. "Achimwene anga a ku Lusaka anafuna kukakamiza. Tinawauza kuti munaliponso inu, munamva nokha. Sitinagulitse mbuzi kulipira galimoto yonyamula mtembo, ndipo palibe amene analoza mnzake chala kuti wapha amayi."

Kondakitala anayamba kumenya chitseko cha minibasi. Aphunzitsi anaimirira, akusasa fumbi pa thalauza.

"Loweruka mubwere kwathu ndi NRC yanu ndi achemwali anga. Mboni ndipeza ine. Lamlungu tikaonekere kwa anyakwawa."

"Nanga alongo anga, ndi anyamata awo aja? Mukudziwa mmene alili."

"Amenewo muyambe kuwaitana lero lomwe."