Ulemerero wa Koloboyi ku Insaca

Anthu a ku Ulaya ali ndi mwambo woyendayenda madzulo a December, pamene kwawo kukuzizira, n'kumaonerera timagetsi tamitundumitundu timene anansi awo akoloweka m'makonde. Koma ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, Khirisimasi imagwa m'matope a dzinja, ndipo chikondwerero chimene chimakumana ndi chisanu ndi cha pa 25 June, tsiku limene dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira mu 1975. Woyenda madzulo a tsikuli, akangopitirira pamene mapolo a magetsi athera, amalonjeredwa ndi mfumu ya nyali zonse, koloboyi, ndiko kuti kachitini ka palafini kobooledwa pachivindikiro, momwe amalowetsamo kansanza kopota.

Ukulu wa nyali imeneyi wagona pa kudzichepetsa kwake, pakuti kuwala kwake sikudutsa mphasa imodzi, ndipo pachifukwa chimenechi koloboyi sanaululepo chinsinsi cha munthu. Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa, nyanja imene Apwitikizi anaitcha Chirua, amatha kuchepetsako mulu dzuwa likalowa popanda womuchititsa manyazi, ndipo wogula amakazindikira ali kwawo, nsima itapsa kale, mtendere wa pamsika usanasokonekere. Tochi ndi nyali za sola, zimene zikumulanda malo masiku ano, zilibe ulemu wotere. Zimaonetsa ngakhale chigamba cha pathalauza la mlendo.

Koloboyi ndi wopatsanso, chifukwa pa kuwala pang'ono amaonjezerapo utsi wochuluka wa basela, kotero kuti mwana amene anachezera kuwerenga amadzuka ndi mwaye m'mphuno, umboni umene mphunzitsi sangautsutse. Mwera ukaomba amawerama, n'kufa mosanyinyirika, n'kusiyira mwini wake ntchito yofufuza machesi mumdima.

Magetsi ambiri a ku Cahora Bassa amapita ku South Africa, ndipo malasha a ku Moatize amadutsa m'boma la Mecanhelas pasitima, kudzera pa Entre Lagos, ulendo wa kudoko la Nacala. Koloboyi yekha ndiye moto umene sunapite ku theba, kukagwira ntchito kunja. Ndipo akaikidwa pafupi ndi tsindwi la udzu wouma wa mwezi wa June, nthawi zina amakonza chionetsero chimene mudzi wonse umathamangira kukaona, aliyense atanyamula ndowa ya madzi.