Ine ndi Ine Ndife Munthu Mmodzi

Ku Chilobwe kulibe munthu amene sandidziwa. Wogulitsa makala amandizindikira ndi mayendedwe ndikadali patali, n'kuyamba kutsegula kabuku kake ka ngongole. Oitanira minibasi amandidziwa kuti ndine bambo uja wonenerera mtengo mpaka galimoto kunyamuka. Ndiye pamene mayi a kunyumba ananena kuti lendi yawakola, ndipite kubanki ndikapemphe ngongole yogulira nyumba, mantha anga anali pa chiwongoladzanja basi. Zoti mayeso oyamba ndi otsimikiza kuti ineyo ndinedi ine, sindinaziyembekezere.

Mtsikana wa kubankiko anandilandira mwaulemu. "Bambo, tisanapite patali, tikufuna tikudziweni kaye." Ndinakhazikika bwino pampando n'kuyamba: kwathu ndi ku Ntcheu, ndine Mngoni weniweni, agogo anga anali ndi ng'ombe. Ng'ombezo ndisanaziwerenge n'komwe, anandikankhira fomu. Kudziwana kwa kubanki n'kwa mapepala, iwo amati KYC. Akuti Reserve Bank of Malawi imawalamula kutero, ndipo pali lamulo la mu 2017 lotchedwa Financial Crimes Act loletsa anthu kubisa ndalama zakuba m'mabanki. Ndinamutsimikizira kuti ndalama zakuba ndilibe, ndipo zosaba zomwe ndilibenso, n'chifukwa chake ndabwera. Sanaseke. Anafuna chiphaso cha unzika, kalata ya kuntchito, mapeyisilipi, nambala ya msonkho ya ku MRA, bilu ya madzi kapena ya magetsi, ndi mapu a kumene ndimakhala.

Chiphaso ndinali nacho, ndipo ndinachitulutsa monyadira. Ndinalembetsa mu 2017, pamene bungwe la NRB linkalemba aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, anthu oposa 9 miliyoni. Tsikulo ndinaima pamzere padzuwa ndisanalawe kanthu, ndiye pachithunzipo ndikuoneka ngati mbuzi imene yamva kuti mawa kuli chinkhoswe. Mtsikanayo anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anabwereranso pachithunzi.

"Bambo, apa muli ndi tsitsi."

Ndinamuuza kuti tsitsilo linayamba kuthothoka pang'onopang'ono, koma lotsala linachoka tsiku limodzi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Apo anagwedeza mutu movomereza. Dazi anandikhululukira.

Chimene sanandikhululukire ndi dzina. Pachiphaso pali dzina langa la ubatizo. Pakalata ya kuntchito pali dzina lina, lotengera setifiketi yanga ya MSCE. Achinyamata a lero sangamvetse, koma anzanga a msinkhu wanga akudziwa mmene zinkakhalira. Malo a kusekondale anali ochepa kwambiri, ndipo ukabwereza Sitandade 8 kangapo, akuluakulu ankakulangiza kuti dzina lako latopa, uyese lina. Ine ndinabwereka la msuweni wanga amene anasiya sukulu n'kupita kukaweta ng'ombe. Dzinalo linasankhidwa ulendo woyamba. Linapita kusekondale, linapeza ntchito, limalandira malipiro mwezi ndi mwezi, pamene dzina langa lenileni limangopita kutchalitchi. Kuwonjezera apo, dzina la bambo anga pepala lina analilemba ndi L, lina ndi R. Kwathu L ndi R sitikangana nazo, lilime limasankha lokha. Koma kompyuta ikaona zimenezo imati awa ndi anthu awiri, mwinanso sadziwana.

Tsiku lobadwa ndiye linali mlandu paokha. Lamulo loti mwana aliyense azilembetsedwa akabadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ine ndevu zitachita imvi kale. Mayi anga amangokumbukira kuti ndinabadwa nthawi ya mondokwa, chaka chimene likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndiye kuti 1975. Chimenecho n'chimene chili pachiphaso, chifukwa tsiku lolembetsa mayi anali pafupi ndipo sanama. Koma mphunzitsi wina wachifundo, poona kuti ndakulitsa m'kalasi, anandimeta zaka zinayi n'kundilembera 1 Januwale 1979. M'kalasi mwathu theka la ife tinabadwa pa 1 Januwale. Kubanki zaka si nkhani yamasewera, chifukwa amafuna ngongole ithe usanapume pantchito. Munthu wa 1979 ali ndi nthawi yobweza, pamene wa 1975 akuyandikira kukalima mbatata.

Mankhwala ake akuti ndi kalata yolumbira. Ndinapita kwa Commissioner for Oaths, ndinalipira ndalama zanga zomwe, ndinakweza dzanja n'kulumbira kuti ine ndi ine ndife munthu mmodzi. Loyayo anandifunsa ngati ndikutsimikiza. Kunena zoona, pofika pamenepo ndinali nditayamba kukayika, koma ndalama inali italowa kale.

Kenaka umboni wa kumene ndimakhala. Umenewu ndiye unandithetsa nsapato. Mita ya ESCOM pakhomo pathu ndi imodzi, mabanja asanu ndi limodzi, ndipo ili m'dzina la malemu bambo a alandilodi. Timasonkherana kugula mayunitsi, kenaka timakangana kuti ndani akuphikira nyemba pa hotipuleti. Madzi timatunga pakiyosiki, ndipo mayi wa pakiyosiki risiti yake ndi kukumbukira nkhope. Mtsikana wa kubanki anati si vuto, alandilodi angondilembera kalata.

Ndinawapeza alandilodi akusenda chinangwa pakhonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Achimwene, tiyeni timvane. Muli ndi lendi yanga ya miyezi iwiri. Mukufuna ine ndilembe kalata yokuthandizani kutuluka m'nyumba yanga, musanandilipire?"

Ndinati nkhaniyo imamveka moipa chifukwa cha mmene aikambira. Iwo anati kalata yotsimikiza kuti ndimakhala pamenepo sangalembe, koma yotsimikiza kuti ndakanirira pamenepo akhoza kulemba lero lomwe, ndi mboni. Ndinathawira kwa amfumu a m'dera lathu, amene chidindo chawo chimauma inki mpaka utaika kangachepe patebulo.

Mapu ndinajambula ndekha, ndipo ndinaikapo luso langa lonse. Mukatsika pasiteji, muyende mpaka pachigayo, mukhote pamtengo wa mango, mudumphe ngalande, mudutse kuseri kwa shabini, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira. Mtsikana wa kubanki uja atafunsa ngati mtengo wa mangowo ndi wosavuta kuuona, ndinayankha kuti anaudula kalekale koma aliyense amaudziwa. Nambala ya nyumba inalipo, anailemba ndi choko anthu a kalembera wa 2018, mvula inafufuta. Dzina la msewu? Ndinamuuza kuti msewuwo ukakhalapo tidzaupatsa dzina.

Nthawi ya Kamuzu zinthu zinali zachidule. Anyamata a chipani ankakuimitsa pakhomo la msika kapena padepoti n'kufunsa khadi. Ukaonetsa, dutsa. Kaya ndiwe ndani, kaya unabadwa liti, zinalibe ntchito. Sindikunena kuti ndikuisowa nthawi imeneyo, koma palibe amene ankakujambulitsa mapu. Ngakhale wakatapila wa kwathu safuna fotokope. Iye amadziwa pamene pamakhala TV yako.

Mapepala onse atakwana, mtsikana uja anabaya kompyuta, n'kufunsa ku bungwe losunga mbiri ya angongole. Kumeneko ndiye ankandidziwa bwino, m'maina onse awiri. Kangongole ka njinga kamene ine ndinakakhululukira kalekale kanatuluka ndi tsiku lake. "Tsopano takudziwani, bambo," anatero, ndipo mawu ake sanali a munthu amene akupita kukatenga ndalama. Anati fomu ipita kwa mabwana, koma mayi a kunyumba abwere adzasaine nawo.

Mayi anabwera atatchena, chitenje chatsopano ndi duku lake. Iwo sasaina chinthu asanawerenge. Anawerenga fomu, anawerenga kalata yolumbira ija, chala chinaima pa 1975. Kubankiko sananene kanthu, anasaina bwinobwino n'kuthokoza. Nkhani inayambira mu minibasi, titangodutsa pa Ginnery Corner.

"Bambo a Junior, kapena kaya ndinu ndani. Pondifunsira munati ndinu wa 1979."

Ndinati ndi mmene anandiuzira aphunzitsi.

"Nanga pasetifiketi ya ukwati pali dzina liti? Ine ndinakwatiwa ndi inu, kapena ndi msuweni wanu wa ng'ombe uja? Chifukwa ngati ndi iyeyo, ndauzidwa kuti nyumba anamanga kale, ya malata."

Minibasi yonse inakhala chete, kondakitala mpaka anaiwala kutolera ndalama. Yankho la kubanki silinabwerebe, koma ankhoswe a mbali zonse ziwiri akubwera Loweruka. Andiuza kuti ndidzakhale ndi chiphaso chenicheni, fotokope sadzalandira.