Usiku umene ndinakasaka nyenyezi ndi wailesi

Wailesi inali ya apongozi anga. Poibwereka ndinati ndikufuna kumvera mpira, koma mtima wanga unali pa nyenyezi zothothoka.

Zimene timati nyenyezi zothothoka ndi timiyala, tambiri tosaposa kanjere ka mchenga, tolowa mumlengalenga pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi. Timanyekera m'mwamba, pa makilomita 80 mpaka 120 kuchokera pansi, n'kusiya mzere wa mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi. Mzerewo umabweza mafunde a wailesi ngati kalirole, moti nyumba ya mphepo ya FM yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 imatha kumveka kwa kamphindi. Mu Okutobala 1946 Bernard Lovell ndi anzake anaiona mizereyi pa radar ku Jodrell Bank, ku England. Ine ndinkafuna kuimva ndi khutu langa.

Ndinasankha kuchiyambi kwa Meyi, pamene dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira ya Halley. Tambala woyamba asanalire ndinali pachulu kuseri kwa mudzi, chifukwa m'mbandakucha mbali yathu ya dziko ndiyo imakhala kutsogolo pa ulendo wozungulira dzuwa, ndipo timiyalato timachuluka. Ndinamangirira waya kunsungwi, n'kutchera pomwe pankangomveka phokoso lokha. Ndinadikira mpaka zala kuuma ndi chisanu. Mwadzidzidzi mawu a mayi wolankhula Chiswahili anabuka, n'kuzima asanamalize chiganizo. Thupi lonse linachita tsemwe.

Kenaka kunabwera matochi. Sabata imeneyo m'mudzi munabedwa mbuzi, ndipo anyamata olondera sanafunse kawiri. M'chipwirikiticho wailesi inagwera pamwala n'kuphwanyika.

Kutacha ndinali pabwalo la amfumu. Ndinayesa kufotokoza chimene chimandisowetsa tulo: dzuwa likalowa, mphamvu yomwe limapereka ku mpweya wa kumwambako imazilala msanga, koma tizidutswa ta chitsulo ndi magnesium totsala ku timiyala timasunga mphamvu ya magetsi nthawi yaitali, mpaka mphepo kutisonkhanitsa kukhala mtambo wopyapyala wosaoneka ndi maso, umene akatswiri amautcha sporadic E.

Amfumu anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. "Mwana wanga, zakumwambazo sindikukutsutsa," anatero. "Koma ukanandiuza dzulo, anyamatawa akanakuperekeza. Ulipira nkhuku, ndipo kwa apongozi ako upite ndi ankhoswe lero lomwe."