Kwa Abusa, Alamu Anga a ku Senga Bay

Randburg, Johannesburg

Okondedwa alamu,

 Kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha June sichimvera chisoni munthu wokulira m'thukuta la ku Salima.

Uthenga wanu wa mawu pa WhatsApp ndinaumva wonse, ndipo bandulo yanga inafera pomwepo musanafike pa ameni. Mwati mukufuna kupitiriza maphunziro a zaumulungu, muyambe ndi masitazi kenako PhD, ndipo ine, poti ndili ku Joni, ndikupezereni mzungu woti alipire. Mwatinso muzidzagona kwa ine n'kumalawirira ku Stellenbosch m'mawa uliwonse. Tiyambe ndi yogonayi poti ndi yaifupi. Kuchoka pano kukafika ku Stellenbosch ndi makilomita pafupifupi 1,400, kuposa ulendo wa ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Basi ikanyamuka pa Park Station lero imakafika mawa, ndipo wakabaza woti angavomere sindinamuone. Kuwonjezera apo, m'chipinda changa tikukhalamo atatu: ine, sitovu ndi makina a abwana otchetchera kapinga. Mukabwera inu, wotuluka akhala ine, chifukwa mwa atatufe amene mapepala ake ali bwinobwino ndi makinawo.

Za mzungu ndinayesa, musati ndinakana. Munati poti abwana ndi Mbunu, ndiye kuti ndi mbumba ya amene anatiyambitsira mpingo. Ndinadikira tsiku limene timu yawo ya rugby inapambana, ndinavula chipewa, n'kuyamba kuwayalira mbiri momwe mumayalira inu m'kalasi ya obatizidwa. Ndinati mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anthu a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape, anamanga msasa pa Mvera m'dziko la mfumu Chiwere, kumtunda kwa Salima konkuja. Ndinati mu 1896 anatsegula Nkhoma, ndipo William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Abwana anamvetsera mwaulemu, anagwedeza mutu, kenako anandifunsa ngati ndachotsa masamba m'dziwe losambiramo. Madzulo ake adona anandipatsa jekete yakale yoti ndikutumizireni. Ndayamba ndaigwirizira kaye mpaka August.

Amene wanditsegula mutu ndi mnyamata wina wa ku Dedza amene timapemphera naye Lamulungu. Iye akuphunzira zomwezi ku Pretoria, ndipo wawonda moti khosi likusambira m'kolala. Ndinamugulira chipisi kuti ayankhule momasuka. Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti musanaone ndi kobiri lomwe la sikolashipu, inu ndi amene mumayamba kutulutsa. Digiri yanu ya kwathu iyenera kupita kaye ku bungwe lotchedwa SAQA kuti akaiyeze ngati ikulingana ndi zakuno, ndipo kuyezako n'kolipira. Akaiyeza n'kuipeza yopepukirapo, amakuuzani kuti muyambe mwachita chaka cha honours kapena dipuloma musanakhudze masitazi. Kenako viza ya sukulu: imafuna kalata yoti yunivesite yakulandirani, kalata ya kupolisi yoti simunabepo, umboni woti muli ndi chodya, ndi inshuwalansi ya chipatala ya kuno. Ndinamufunsa ngati kalata yoti munthu ndi m'busa wodzozedwa singalowe m'malo mwa ya kupolisi. Anaseka mpaka kutsamwa chipisi changa. Viza yomweyo imalola kugwira ganyu maola 20 okha pa sabata, choncho maganizo oti muzidzandithandiza kudulira maluwa kuti fizi ikwane muwaike pambali. Ndiponso khasu ndimakudziwani nalo, alamu. Munda wa mlongo wanga ndi mboni.

Nkhani yabwino ilipo imodzi, ndipo inasainidwira kwathu komwe. Mu 1997 atsogoleri a SADC atakumana ku Blantyre anagwirizana kuti wophunzira wochokera m'dziko la m'chigawochi azilipira fizi yofanana ndi eni dziko. Ndiye Mmalawi salipitsidwa mtengo wa munthu wa ku Ulaya, ngakhale pamakhala kandalama kena kolembetsera alendo. Vuto ndi lakuti fiziyo ili m'ma rand, pamene chopereka chanu chili m'makwacha, kwacha yomwe ija inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Ndipo mpingo wanu ndimaudziwa. Usipa ukagwa bwino mbale imalemera. Mwera ukawomba sabata ziwiri, mabwato ali pamchenga, asungichuma amawerenga chopereka osakhala n'komwe pansi. Pepa Sande imene mukuiganizirayo ikhoza kukufikitsani pa Beitbridge, koma amayi a Chigwirizano adzafunsa kaye chifukwa chake denga la vesitili likudonthabe.

Za ndalama za boma la kuno, mnyamatayo anandiwerengera pa foni yake. NSFAS si ya alendo ngati inu. Bungwe la kafukufuku la NRF limapatula 95 peresenti ya thandizo lake kuti lipite kwa eni dziko ndi okhazikika kuno mwalamulo, ndipo 5 peresenti yotsalayo ndiyo timalimbirana tonse, kuyambira Mmalawi mpaka Mchaina. Mukati mulimbe mtima mulowe nawo, pakhomo pali zaka: wa masitazi asapitirire 30, wa PhD asapitirire 32. Inu alamu, tsiku limene tinkavina pa ukwati wanu 30 munali mutaitsanzika kale, ndipo mwana wanu woyamba akulemba Fomu 4 chaka chino. Ndikudziwa kuti mapepala anu ena anapita ndi madzi a Linthipe chaka chija, koma kuchepetsa zaka tiwasiyire osewera mpira.

Tsono mverani mbali imene yandichititsa kulemba kalata m'malo mongoimba foni. Ndalama zophunzitsira abusa zilipodi, koma zili ngati usipa: subwera chifukwa msodzi wafuula, umatsata nyali ya siginala. Nyaliyo ndi kalata ya Sinodi. Pali bungwe la Langham, limene anayambitsa John Stott, m'busa wa Anglican wa ku London uja, ndipo lathandiza aphunzitsi ambiri a mu Africa kupeza PhD. Koma masitazi salipirira, muyenera kubwera nayo kale. Amafunanso kuti koleji kapena mpingo wanu ukuikireni umboni kuti ukukufunani ngati mphunzitsi, ndipo inu mulonjeze kuti mukamaliza mudzabwerera kwanu. Lamulo lomalizali ndinaliwombera m'manja. M'banja mwathu mtchona tili naye kale, agogo aja anapita ndi Wenela akuti akukagula njinga. Mlongo wanga asakhale wachiwiri kudikira njinga.

Palinso NetACT, mgwirizano wa makoleji a zaubusa umene unayamba mu 2000 ndipo ofesi yake inakhazikitsidwa ku Stellenbosch konko. Zomba Theological, Justo Mwale ya ku Lusaka ndi Josophat Mwale ya ku Nkhoma ali momwemo, ndipo abusa ambiri a kwathu amene anaphunzira ku Stellenbosch anadzera njira ya makoleji amenewa, n'kumagona pa nyumba yotchedwa Weidenhof. Ndiye onani kuseketsa kwake. Inu mwatuma ine wa ku Randburg kuti ndikufunireni khomo, pamene khomolo mukulisiya kumbuyo kwanu. Kwerani minibasi pa Kamuzu Road, mukasinthe ku Lilongwe, mukatsike pa Kamphata, mukwere phiri la Nkhoma. Valani suti ija ya maukwati. Kumeneko mukapeza mzere wa abusa anzanu amene anaganiza zomwezo kalekale, ndipo ena mwa iwo munakangana nawo pa msonkhano wa presbitale. Muyambe mwawapatsa moni.

Mnyamata uja anandiuzanso kuti mutu wa kafukufuku ndi umene umakopa profesa, ndipo profesa akakopeka ndi amene amadziwa kabati imene muli tindalama totsala. Inu mwati mukufuna kulemba za John Calvin. Alamu, za Calvin kuno mabuku adzaza mpaka kudenga, ena m'Chidatchi, ena m'Chilatini, ndipo analemba ndi anthu amene sankadukizidwa ndi maliro atatu pa sabata. Koma tayang'anani panyanja. Pa chilumba cha Mbenje, mfumu Makanjira imatseka usodzi mu December n'kudzatsegula mu April, ndipo pachilumbapo saloleza mowa, chamba, juga, ngakhale akazi. Asodzi amamvera, Asilamu ndi Akhristu omwe. Anthu omwewo akabwerera kumtunda, inu mumalalikira za mowa mpaka mawu kusasa, iwo n'kumakuyankhani ameni akununkha kachasu. Kodi mfumu ili ndi chiyani chimene guwa lilibe? Funso limenelo ndakupatsani ulere, ndipo kafukufuku wake mukhoza kuchita pa bwato la mkulu wa mpingo. Mukhozanso kulembetsa ku Mzuzu University kapena ku Zomba, kumene mabuku a Kachere anatulukira, fizi n'kulipira m'makwacha. UNISA nayonso imaphunzitsa munthu ali kwawo, bola foni ikhale ndi bandulo yochuluka kuposa imene munandithera ine.

Njira yachidule iliponso, ndikuuzeni ndekha musanaimve kwa ena. M'tauni muno muli timakoleji ta pamwamba pa mashopu a mafoni, kumene munthu amalowa Lachisanu ali m'bale, n'kutuluka Lamulungu ali Dokotala, mkanjo ndi chithunzi zili mumtengo womwewo. Mnzanga wina wogulitsa mapeyala pa roboti anatenga ziwiri, ina ya mkazi wake. Mukaitenga imeneyo, a NCHE ku Lilongwe akaiyang'ana kamodzi n'kukubwezerani, ndipo ine ndidzakana kuti ndimakudziwani.

Pa Mukuru ndatumiza kangachepe. Ndi ka thiransipoti ya ku Nkhoma ndi kujambulitsa masatifiketi, osati ka nsapato zatsopano zoyenera munthu wophunzira. Ndalama ya malata imene ili kwa mlongo wanga ndi ya malata, ndipo ndamuuza kuti ngakhale mutabwera ndi vesi asatsegule chikwama. Mayi wa ku Lifuwu amene amatibweretsera katundu anyamuka mwezi wamawa. Mumupatsire mpunga wa kilombero ndi usipa wofutsa, koma mumange bwino, chifukwa ulendo watha basi yonse inadziwa kuti muli katundu wa ku Salima.

Chomaliza, chonde musalengeze paguwa kuti mlamu wa ku Joni wapeza wolipira. Tsiku lija munandithokoza pamaso pa mpingo chifukwa cha batire la sola, sabata yomweyo ndinatulukiridwa ndi achibale ochokera ku Chipoka mpaka ku Khombedza, aliyense akudziwa kale mtundu wa foni imene akufuna. Mukati mutchule dzina langa, mulitchule pa mapemphero a odwala.

Moni kwa amayi, kwa ana, ndi kwa asungichuma.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Randburg