Walira Injini Walira Chibowo

Mwambi wakuti walira mvula walira matope unachokera kwa alimi, koma amene amausenza mokhulupirika masiku ano ndi mwini bwato lakale la matanga lopangidwa ndi fiberglass, womwe ndi ulusi wagalasi woumitsidwa ndi utomoni. Mabwato otere anayamba kuchuluka cha m'ma 1959, pamene kampani ya Pearson ya ku America inatulutsa bwato lotchedwa Triton, lojambulidwa ndi Carl Alberg, ndipo ogula ankafuna zonse ziwiri: mphepo, poti ndi yaulere, komanso injini yowabwezera padoko mphepoyo ikawathawa. Mvula yawo inali injiniyo, ndipo matope ake anali akuti shafuti, chitsulo chachitali chozungulitsa pulopela, iyenera kutulukira m'madzi, motero amisiri anaboola dala pansi pa bwato, malo amene munthu wamutu wabwino sangayerekeze kuboola.

M'chibowocho mumakhala paipi ya mkuwa kapena ya fiberglass momwe shafuti imadutsa. Kumapeto kwake kwakunja kuli cutless bearing, kachubu ka labala wamizeremizere kamene kamaterera ndi madzi m'malo mwa girizi, pamene kumapeto kwamkati kuli stuffing box, nati yaikulu yopanikiza zingwe zonona mafuta mozungulira shafuti. Chodabwitsa n'chakuti chotchinga madzichi chimayenera kudontha madontho angapo pa mphindi shafuti ikamazungulira, chifukwa chikauma gwa chimatentha n'kuyamba kudya shafutiyo. Mwini bwato ali m'gulu la anthu ochepa amene mtima umawagunda chinthu chikasiya kudontha, ndipo amapezeka atagwada ndi tochi m'kamwa, akuwerenga madontho ngati namwino woyang'anira diripi.

Zikadutsa zaka makumi anayi kapena asanu, madzi amayamba kulowera mmene sanaitanidwe. Paipi ikakhala ya mkuwa wosakaniza ndi zinki wambiri, madzi amchere amamwa zinkiyo, chitsulo n'kusanduka chapinki ndi chofumbutuka. Kwina utomoni womatira paipi ku thupi la bwato umang'aluka, ndipo kwina shafuti yopendekeka imapala paipiyo mwakachetechete mpaka kuiboola.

Apa ndi pamene matope amafika m'mawondo. Bwato limatulutsidwa m'madzi, koma paipi singachoke shafuti ilipo, shafuti singachoke isanamasulidwe pa coupling, chitsulo choilumikiza ku giyabokosi, ndipo ziwirizi dzimbiri limakhala litazimangitsa ukwati kalekale, moti nthawi zambiri mlandu wake umaweruzidwa ndi sowo. Pa mabwato ambiri chiwongolero chimatchinga njira ya shafuti, choncho nacho chimatsitsidwa, ndipo mtengo wa chiwongolerocho ukakhala wautali, munthu amene anagula bwato kuti apumule pa zolima amapezeka akukumba dzenje pansi pake, eni malo okonzera mabwato akuwerenga masiku a lendi.

Paipi yakale imadulidwa ndi galayinda munthu atazondoka m'kamphako kuseri kwa injini, fumbi lagalasi likumuyabwa mpaka m'khwapa. M'mphepete mwa chibowo amapala motsetsereka, m'lifupi mwake kuchulukitsa ka 12 kuchindikala kwa thupi la bwato, kuti nsalu zatsopano zagalasi zipeze pogwira, ndipo amamatira ndi epoxy, utomoni umene umagwira fiberglass wakale kuposa polyester amene bwatolo linaumbidwira. Paipi yatsopano iyenera kulunjika ndendende ndi shafuti utomoni usanaume, popeza epoxy akauma samva kupepesa.

Ngakhale zitatero ntchito imakhala isanathe, chifukwa bwato likabwerera m'madzi thupi lake limasintha kaimidwe pang'ono, ndiye pakapita masiku angapo injini imasunthidwanso mpaka mpata wa pa coupling usasiyane kupitirira pafupifupi 0.003 ya inchi kuzungulira konse. Ambiri amazindikira pa tsiku limeneli, sipanala ili m'manja, kuti malabala okhalira injini nawonso anaphwasuka, ndipo kuti asinthidwe, injini yonse iyenera kunyamulidwa.