Mikango Inatha, Nanga Mphoyo Zili Kuti?

Ku Alaska, chigawo chozizira cha dziko la America, boma limatuma anthu kukwera helikopita kukawombera mimbulu ndi zimbalangondo. Akuti akufuna kuti caribou ndi moose, nyama zikuluzikulu zanyanga zanthambi zomwe ndiye ndiwo ya anthu ambiri kumeneko, zichuluke. Lamulo lolimbikitsa ntchitoyi analikhazikitsa mu 1994. Ganizo lake ndi losavuta: ipha chilombo, nyama zomwe chimadya ziswane. Ndikalimva chonchi limandigwira mtima. Koma ndikakweza maso kuyang'ana dambo lathu la Chilwa, mutu umaima, ndipo ndikupempha inu odziwa kuti mundithandize.

Kuno mikango inatha kalekale. Yendani kuchokera ku Zomba mpaka padoko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, simukumana ndi mkango kapena nyalugwe. Komatu dambo lino linali ndi nyama. Mu 1897 boma la atsamunda linasankha Chilwa ndi Dambo la Njovu la ku Chigwa cha Shire kukhala malo oyamba osungirako nyama m'dziko muno. Sakanasankha dambo lopanda kanthu. Ndiye ngati kutha kwa zilombo kumachulukitsa nyama zodya udzu, bwanji sitikupunthwa pa mphoyo popita kumunda? Njati zili kuti? Mbidzi nazo? Adani awo anachoka, izo zinayenera kudzaza dambo lonse mpaka kutsidya ku chilumba cha Chisi. Chimene ndikuona ine ndi minda ya mpunga, ng'ombe, midzi, ndi anyamata a kabaza atanyamula madengu a matemba. Kodi nyama zija anazimaliza ndi mkango, kapena mfuti, khasu ndi moto wa m'chilimwe?

Chondizunguza kwambiri chili pafupi pompa, ku Liwonde. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalango yakumeneko mu 2015, linapeza mikango itatha. Nyama zina zinkafabe, koma zinkafera m'makhwekhwe a waya, ndipo asilikali a nkhalango anazula misampha yotere yoposa 30,000. Kenaka anachita chinthu chosemphana ndi cha ku Alaska: anabweretsa zilombo. Akakwiyo anafika mu 2017, mikango mu 2018, ina yochokera ku Majete ina ku South Africa, ndipo mimbulu yathu ya mawangamawanga inafika mu 2021. Mwa ganizo lija, nswala ndi anakodzwe zinayenera kutha. Koma mu 2022, pamene njovu 263 zinkasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, zinapita limodzi ndi nyama zina 431: njati, nswala, mphalapala, njiri ndi anakodzwe. Nkhalango yokhala ndi mikango inali ndi nyama zokwanira kugawirako inzake. Miimba, yomwe inali itasowa, inabwereranso kudzatola zotsala za akakwiyo. Tsono ndifunse: malo opanda mkango alibe mphoyo, malo okhala ndi mkango akupereka nyama kwa ena. Kodi mdani weniweni wa nswala ndani?

Wina anganene kuti Liwonde ili ndi mpanda wamagetsi ndi asilikali amfuti, choncho si chitsanzo chabwino. N'zoona. Koma mpandawo anaumangira yani? Mkango uli mkati momwemo pamodzi ndi nswala. Amene mpanda ukumuletsa kulowa ndi munthu ndi waya wake. Ku Majete nakonso ndondomeko inali yomweyo. African Parks inafika mu 2003, inayamba yaletsa kupha nyama mozembera malamulo ndi kubwezeretsa zodya udzu, ndipo mikango inabwera pambuyo, mu 2012. Kodi sizikutanthauza kuti chiwerengero cha mikango chimatsatira chiwerengero cha nyama, kusiyana ndi mmene ambiri timaganizira?

Sindikufuna kukhala ngati ndatseka makutu. Pali pomwe kupha zilombo kunathandizadi. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, gulu la caribou lotchedwa Klinse-Za linatsala ndi nyama 38 zokha mu 2013. Eni nthaka a mitundu ya West Moberly ndi Saulteau anayamba kutsekera zazikazi zabere mumpanda mpaka ana atalimba miyendo, kwinaku mimbulu ikuphedwa, ndipo pofika 2021 zinapitirira 100. Munthu amene watsala ndi nyama 38 sindingamuuze kuti adikire chilengedwe chidzikonze chokha. Koma ndikafunsa chomwe chinachulukitsa mimbulu kumeneko, yankho limandibwezeranso kwa munthu. Makampani anadula nkhalango zakale. Pophukira panamera zitsamba zanthete, chakudya chokondedwa ndi moose ndi mbawala zakumeneko. Izo zitachuluka, mimbulu inachuluka nazo, ndipo misewu ya odula mitengo ndi ofufuza mafuta inaitsegulira njira yofikira mosavuta kumapiri komwe caribou ankabisala. Boma lakumeneko lakhala likuwombera mimbulu pa helikopita kuyambira 2015. Akangoleka, mimbulu ina imadzalowa m'malo mwa yophedwayo, chifukwa imaswana msanga. Ndiye adzawombera mpaka liti? Ndipo ngati mitengo ikugwabe, caribou opulumutsidwawo akakhala kuti?

Ku Alaska komwe kuja, gulu la caribou la Mulchatna linali ndi nyama pafupifupi 200,000 cha m'ma 1997, kenaka linatsika mpaka kuchepera 15,000. Mu 2023 boma linapha zimbalangondo 99 ndi mimbulu isanu pamalo pomwe nyamazi zimaberekera. Koma akatswiri a boma lomwelo anapezanso kuti m'gululi muli matenda a brucellosis, omwe amachotsa bere, ndiponso kuti zazikazi zina n'zoonda. Kodi chipolopolo cholasa chimbalangondo chimachiza matenda? Chimameretsa msipu? Zimbalangondo zinaliponso pamene caribou anali 200,000. Chinasintha n'chiyani?

Palinso nkhani yakale ya phiri la Kaibab ku Arizona. Pulezidenti Theodore Roosevelt atalipatula mu 1906 kukhala malo otetezera mbawala, alenje a boma anapha zilombo zambirimbiri. Mbawala zinachulukadi, zinadya zitsamba mpaka kutha, ndipo cha m'ma 1924 zinayamba kufa ndi njala miyandamiyanda. Akatswiri amatsutsanabe za kuchuluka kwake kwenikweni, ndipo ena amati kuchepetsa nkhosa ndi ng'ombe m'deralo kunathandiziranso. Koma njalayo palibe amene amaikana. Kodi mbawala yofa ndi njala yapindula chiyani poyerekeza ndi yogwidwa ndi chilombo?

Tibwerere kunyanja kwathu, chifukwa nkhaniyi ilinso m'madzi. Mlamba umadya tinsomba ting'onoting'ono. Vuwo, kakowa ndi nkhwazi nazo zimadya nsomba tsiku lililonse. Komabe sindinamvepo msodzi wamkulu akunena kuti tithe milamba kuti matemba achuluke. Aliyense pa Kachulu amadziwa chimene chimalamulira matemba ndi makumba: madzi. Nyanja inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'ambika. Nthawi zonsezi nsomba zinatha, mbalame zodya nsomba zili chikhalire zosalakwa. Mvula itabwerera, nsomba zomwe zinapulumukira m'maiwe a mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe zinadzazanso nyanja, milamba ndi matemba limodzi. M'zaka zabwino Chilwa yaperekapo nsomba zoposa matani 20,000 pachaka, mavuwo ali pompo. Ngati asodzi athu amayamba ayang'ana kuya kwa madzi ndi maso a nkhoka asanaloze chala mbalame, bwanji anthu ophunzira okhala ndi ndege amayambira pa chilombo? Kodi n'chifukwa chakuti mmbulu umaoneka ndi maso pamene msipu wotha suoneka msanga? Kapena n'chifukwa chakuti kuwombera mmbulu sikukwiyitsa mwini kampani yamatabwa?

Za mbalame za m'njedza zimandikhudza kwambiri. Chilwa inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar makamaka chifukwa cha mbalame zake. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti osaka ankakola mbalame zoposa miliyoni imodzi pachaka. Sindikuwaweruza. Nsomba zikasowa, chimanga chisanache, mbalame ya nadititi ndiye ndiwo, ndiye ndalama ya mchere ndi sopo. Chondipatsa chidwi n'chakuti osakawo atakhazikitsa magulu awo mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, sanagwirizane zopha akabawi, njoka kapena ang'azi omwe amadya mazira ndi anapiye. Anagwirizana zopatula malo oswanirako mbalame ndi kuika nyengo yoleka kusaka. Anadziletsa okha. Kodi anadziwa chiyani chomwe ena sakuchiona?

Ndikudziwa kuti mantha a chilombo si nthano. Amene fisi anamugwirira mbuzi, kapena ng'ona inamulanda mwana kumtsinje wa Shire, ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kuti chilombo chimenecho chichotsedwe, ndipo ine ndili naye limodzi. Koma kuchotsa chilombo chimodzi chovutitsa mudzi n'kosiyana ndi kulengeza nkhondo pa mtundu wonse pofuna kuchulukitsa nyama ina. Pachiwiripa mpomwe mafunso anga ali. Asanayambe kuwombera, amayamba awerenga nyama zomwe zikufa ndi njala, ndi matenda, ndi msampha? Akamaliza, amabwereranso patatha zaka khumi kudzaona ngati zinachulukadi? Nanga kwathu kuno, pamene ana akugenda kadzidzi aliyense ndipo njoka iliyonse yopezeka m'mizere ya mpunga wa ku Likangala ikuphedwa, alipo amene akuwerenga makoswe?