Walira mvula, walira matope

Chaka chatsopano chimafika ku Lichinga mvula ili pachimake, ndipo amene anakonza zimenezi ayenera kuti anali wanthabwala. Pa 1 Januwale bambo amadzuka ndi mtima watsopano n'kulengeza kuti kuyambira lero azithamanga m'mawa uliwonse mpaka mimba iphwe. Kutsegula chitseko, dothi lofiira la m'makwalala mwathu lasanduka phala. Nsapato zothamangira zimene anagula pa kaunjika n'zoyera mbee. Amayang'ana nsapato, amayang'ana panja, n'kugamula kuti munthu wanzeru amayamba mvula ikatha.

Mvula imathadi cha mu Epulo. Koma mzinda uno unakhala pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo Juni akafika chisanu chimatsika m'mitengo ya paini n'kulowa m'mafupa. Wotuluka m'bulangete tambala asanalire nthawi imeneyo ndi mfiti kapena wophika mandasi. Bambo aja amadikira kuti kufunde. Kukafunda, fumbi. Fumbi lisanathe, mitambo ija yabweranso. Nsapatozo pofika Disembala zimakhala zitavinapo maukwati angapo.

Makolo anati walira mvula, walira matope. Iwo za mimba yofuna kuphwetsa sankazidziwa, khasu linkagwira ntchitoyo mwaulere. Chimene ankadziwa n'chakuti chabwino chilichonse chimabwera ndi m'bale wake wosaitanidwa, ndipo m'baleyo ndiye amakhalitsa. Ife a masiku ano tikamalemba zolinga m'kope latsopano timalemba mvula yokhayokha: nyumba ya malata, njinga yamoto, digiri, thupi lowongoka. Tsamba la matope limakhala lopanda kanthu.

Otiphunzitsa kulemba motero ali m'foni. Pa Facebook ndi pa TikTok pali anyamata ovala masuti, oyankhula ali m'galimoto zimene mwina si zawo, otiuza kuti chinsinsi cha chuma n'kudzuka 4 koloko m'mawa n'kumwa madzi ofunda. Amayi athu a ku Sanga ndi ku Chimbunila akhala akudzuka nthawi imeneyo kuyambira kalekale kupita ku minda ya nyemba, ndipo palibe anawajambulapo. Chosangalatsa n'chakuti mnyamata amagula bandulo ya intaneti kuti aonere mmene angasungire ndalama, bandulo n'kutha mphunzitsi asanafike pa mfundo yachitatu. Amagula ina, poti mfundo yachitatuyo mwina ndiye yofunika.

Kusunga ndalama kumene ndiko kuli matope ofika m'mawondo. Polowa chipereganyu, chimene kuno timati xitique, aliyense amawerengera mwezi umene adzalandire. Miyezi ina yonse yopereka amaiona ngati mphekesera. Wolandira woyamba amavina, n'kuyamba kudwala tsiku lililonse losonkha. Ndiye pali foni. Kale ndalama inkagona m'chitini pansi pa mphasa, ndipo wofuna ngongole ankayenera kukwera chapa, minibasi yathu ija, kuchokera ku Metangula, kugona kwanu, kudya nsima yanu, kenako n'kuyamba nkhani mozungulira. Lero ndalama ili pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndipo uthenga umafika pakati pa usiku: "Achimwene, mwagona bwanji? Kuno zavuta." Sindikuti abale ndi oipa ayi. Tsiku limene mudzagone m'chipatala ndi omwewo adzabwere ndi phala. Ndikungoti wofuna kugula malata 30 aziwerengeratu kuti asanu mwa iwo adzathera pa maliro, pa fizi ya mwana wa mlongo wake, ndi pa amalume amene vuto lawo silitchulidwa dzina.

Ngakhale mzinda umalira mvula yake. Njanji yochokera ku Cuamba inafika kuno mu 1969, dzina la mzindawu likadali Vila Cabral. Nkhondo inaiwononga, ndipo makilomita 262 amenewo anadikira mpaka 2016 kuti akonzedwe bwino sitima n'kuyambiranso. Tinaliranso msewu wa phula wodzera ku Mandimba, ndipo unabwera. Nyemba ndi mbatatesi zathu zikuyenda msanga, izo n'zoona. Koma apongozi amene kale ankatsekeredwa ndi msewu woipa dzinja lonse, lero amanyamuka m'mawa n'kupeza ndiwo zili pamoto. Pamisonkhano yopempha chitukuko palibe anaimika dzanja kufunsa za zimenezo.

Anthu amene ndawaona akukwanitsa zimene anafuna sakhala ndi kope lokongola. Pamsika pali mayi wina amene amapikula usipa ku Meponda, ulendo wa makilomita pafupifupi 60 kutsetserekera kunyanja. Cholinga chake n'chimodzi: mwana wake wamkazi amalize sekondale. Za satifiketi sakamba n'komwe. Amakamba za dzinja, pamene usipa suuma bwino pathandala ndipo wina umafika utanunkha. Amakamba za chapa yofera panjira, za makasitomala a "ndilipira pakutha pa mwezi", za Januwale amene amafuna makope ndi yunifolomu nthawi imene m'nkhokwe mwayera. Zonsezo anaziikira kale kandalama pambali, pamalo amene ngakhale mwamuna wake akuganiza kuti pali mchere.

Tsiku lina mnyamata wina wophunzira bwino, wa foni yaikulu, anaima pa benchi yake n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi masomphenya anu a zaka zisanu zikubwerazi ndi otani?"

Mayiyo anaingitsa ntchentche, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, ugula usipa kapena ukunditchingira makasitomala?"

Mnyamatayo anagula mulu umodzi. Pa ngongole.